Ngati munthu wakugwa samva kulemera, nanga nyanja ya ku Beira imadzazidwa ndi chiyani?

Funso la ulendo uno lachokera kwa mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Ndirande. Alemba kuti: "Ndinawerenga kuti Einstein anati munthu wotsekeredwa m'chipinda chopanda zenera sangadziwe ngati ali pa dziko kapena ali mu roketi imene ikuwonjezera liwiro, komanso kuti munthu amene akugwa samva kulemera. Ndiye kodi gravity ilipodi, kapena ili ngati kukankhidwa kumene timamva minibasi ikamanyamuka? Ngati ndi yongomva m'thupi, mwezi umakweza bwanji madzi a m'nyanja? Mwana wa Fomu 4 anandifunsa zimenezi, ine n'kungomuuza kuti tikambirana mawa."

Aphunzitsi, mwana ameneyo mumusunge bwino. Wagwira pamene penipeni pamene Einstein anavutikira zaka 8, kuyambira 1907 mpaka 1915.

M'dzina limodzi la gravity, mphamvu yokoka imene imagwetsa zinthu pansi, tinaunjikamo zinthu ziwiri. Choyamba ndi kulemera kumene mumamva m'mapazi mukaimirira nthawi yaitali pa bolodi. Chimenechi n'chachibale ndi kukankhidwa kwa m'minibasi, ndipo mungathe kuchichotsa. Chachiwiri ndi kusiyana kwa kukoka pakati pa malo awiri, pano ndi apo. Chimenechi simungachichotse ngakhale mutakwera chiyani, ndipo ndi chimene chimadzaza ndi kuphwetsa nyanja.

Tiyambire m'minibasi momwemo. Yadzaza ku Limbe, kondakitala wamenya chitseko, dalaivala waponda mafuta kulowa mu Masauko Chipembere Highway. Msana wanu wakanikizika kumpando. Pa raundabauti ya pa Chichiri nonse mwapendekera mbali imodzi, mwina mpaka kupepesa mayi amene mwawatsamira. Pa Ginnery Corner wamanga mabuleki mwadzidzidzi, nonse kutsogolo. Palibe dzanja limene lakugwirani. Thupi lanu limafuna kupitiriza mmene limayendera, galimoto ndiyo yasintha. Munthu woima m'mbali mwa msewu amaona zimenezi poyera, koma inu m'katimo mumalumbira kuti china chake chakukankhani.

Kukankha kwa mtundu umenewu kuli ndi chizindikiro chimodzi chimene sichiphonya: sikusankha. Thumba la makala, dengu la tomato, khanda, ndalama yachitsulo imene yagwera pansi, zonse zimafuna kutsetserekera kutsogolo mofanana. Sizingachitire mwina, poti chimene chasintha si izo koma galimoto. Mphamvu zina zonse zimasankha. Maginito amakoka msomali n'kusiya thabwa. Mphepo imauluza pepala n'kusiya njerwa. Koma gravity nayo sisankha. Galileo anazionetsa kale kuti mwala waukulu ndi waung'ono zimagwa mofanana mpweya ukapanda kusokoneza. Mu 1971 David Scott, ali pamwezi pa ulendo wa Apollo 15, anataya hamala ndi nthenga nthawi imodzi ndipo zinafika pansi limodzi. Setilaiti ya ku France yotchedwa MICROSCOPE inayerekeza kagwedwe ka zitsulo ziwiri, titanium ndi platinum, ndipo zotsatira zake za mu 2022 zinati zimagwa mofanana mpaka pa gawo limodzi mwa magawo ochuluka ngati 1 wotsatidwa ndi maziro 15. Newton ankadziwa kufanana kumeneku, masamu ake a mu 1687 amakulola, koma kwa iye kunali ngati mwangozi. Einstein anakana kuti ndi ngozi.

Mu 1907 anali akugwira ntchito mu ofesi yolembetsa zinthu zatsopano zimene anthu apanga, mumzinda wa Bern. Kumeneko ndi kumene anaganiza kuti munthu wogwa kuchokera padenga samva kulemera kwake, ndipo pambuyo pake anati limeneli linali ganizo losangalatsa koposa m'moyo wake. Ife chitsanzo chabwino tili nacho ndi chikepe. Agogo athu amene ankanyamukira pa Wenela kupita ku migodi ya ku Joni ankafotokoza za chikepe chotsika m'mgodi, mmene m'mimba munkakwerera kukhosi chikangoyamba kutsika. Ngakhale zikepe za m'nyumba zazitali za mu Victoria Avenue zimakupatsaniko pang'ono kumva kumeneko. Mutaima pa sikelo m'chikepemo, ikanawerenga zochepa poyamba kutsika. Chingwe chitaduka, ikanawerenga ziro. Kiyi amene mwamusiya m'manja akanangoyandama pamaso panu, poti inu, kiyi ndi chikepe mukugwa limodzi.

Foni yanu imadziwa zimenezi. Muli kachipangizo kamene kamatembenuza chithunzi mukaipendeketsa. Mukaika pulogalamu yoonetsa zimene kakuwerenga, muona chodabwitsa: foni ili duu patebulo, kakuwerenga pafupifupi 9.8, kuloza kumwamba. Muigwetsere pa matiresi, pa kanthawi kamene ili m'malere kawerenga pafupifupi ziro. Kwa kachipangizoko, foni yakugwa ndiyo ili pa mpumulo, ndipo ya patebulo ndiyo ikukankhidwa.

Ndi mmenenso zilili kwa anthu a mu International Space Station, chombo chokhalamo akatswiri chimene chimazungulira dziko mumlengalenga. Ana ambiri, ndi akulu omwe, amati kumeneko kulibe gravity. Ilipo yambiri. Ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 okha, ulendo wosasiyana kwambiri ndi wa Blantyre kupita ku Kasungu utauimika chilili, ndipo kukoka kwa dziko pamenepo n'kokwana pafupifupi magawo 90 pa 100 a kumene tili nako kuno. Amayandama chifukwa akugwa. Akuthamangira cham'mbali pa makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, moti pamene akugwa dziko likupindika n'kuwathawa pansi, ndipo amalizungulira m'mphindi pafupifupi 90.

Apa ndiye Einstein anatembenuza nkhani yonse. Kuyenda kwachibadwa kwa chinthu chimene sichikukankhidwa ndi chilichonse ndiko kugwa. Inu mutakhala pampando mu stafu rumu simuli pa mpumulo: mpando ukukukankhirani kumwamba kukuchotsani pa njira imene mukanatsata, monga mmene mpando wa minibasi umakankhira msana. Kulemera kumene mumamva ndi kukankha kwa mpandowo. Kufika pano, mwana wanu uja walondola.

Koma iye mwini adzakufunsani lina, ngati ali wochenjera mmene ndikumuganizira. Ngati nthaka ya Blantyre ikutikankhira kumwamba, ndipo woyendetsa sitima kuseri kwa dziko, m'nyanja ya Pacific cha kum'mawa kwa Hawaii, nayenso akukankhidwira kumwamba kwake, kumene kuli kotsutsana ndi kwathu, bwanji dziko silikufufuma ngati mtanda wa mandasi? Minibasi singayankhe funso limeneli. Roketi imodzi imaloza mbali imodzi basi. Pamenepa ndi pamene chinthu chachiwiri chija chimalowera.

Taonani chingwe cha amisiri omanga, chija amamangirira kachitsulo kumapeto kuti khoma liime chilili. Mmisiri wa ku Chilomoni ndi wa ku Bangwe akaimika zingwe zawo, tingati zaloza kumodzi. Koma chingwe cha ku Blantyre ndi cha ku Karonga sizilozera kumodzi. Chilichonse chaloza pakati pa dziko, ndipo mizinda iwiriyi yatalikirana pafupifupi madigiri 6 pa nkhope ya dziko, choncho zingwezo zapendekerana madigiri 6 omwewo. Tsopano ganizirani chikepe chachikulu kuyambira ku Blantyre kukafika ku Karonga, chingwe chake chaduka. Mwala umene uli pakati ungoyandama. Koma miyala iwiri ya kumapeto, umodzi kuno wina uko, iyamba kuyandikirana pang'onopang'ono, poti uliwonse ukugwera pakati pa dziko pa njira yakeyake. Ndipo chikepecho chikakhala chachitali, mwala wa pansi, umene uli pafupi ndi dziko, ukokedwa kwambiri kuposa wa kudenga, choncho iwiriyo italikirana. Cham'mbali kupanikiza, chotsika kutanula. Munthu wa m'chikepemo samva kulemera, koma akayang'ana miyalayo adziwa kuti pafupi pali dziko. Mu roketi imene yazimitsa injini kutali ndi nyenyezi zonse, miyala inayiyo ingakhale pomwe waisiya mpaka kalekale.

N'chifukwa chake mawu a Einstein ali ndi malire amene mabuku ena amathamangira osawatchula: chipinda chija chikhale chaching'ono, ndipo kuyesako kukhale kwa kanthawi. M'kalasi mwanu kusiyanako kulipo koma n'kochepa zedi. Gwetsani miyala iwiri yotalikirana mita imodzi kuchokera pa mamita 10. Pofika pansi yayandikirana ndi gawo limodzi ndi theka mwa magawo 1,000 a milimita. Palibe rula ya mwana wa sukulu ingaone zimenezo. Koma zipangizo zoziona zilipo. Setilaiti ya ku Ulaya yotchedwa GOCE, imene inagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2013, inanyamula tizipangizo tonga ta m'foni tija, toikidwa motalikirana pang'ono, ndipo ntchito yake inali kuyeza kusiyana kumeneku kuti ajambule mapu a gravity ya dziko.

Tsopano nyanja. Dziko lathu nalo ndi chikepe choduka chingwe. Likugwera ku dzuwa chaka chonse, ndipo likugweranso ku mwezi pang'ono. Kukoka kwa dzuwa pa dziko n'koposa kwa mwezi pafupifupi ka 180, koma simunakumvepo masana alionse, chifukwa inu ndi nthaka mukugwa limodzi. Chotsala ndi kusiyana. Mbali ya dziko imene yayang'ana mwezi ili pafupi nawo ndi makilomita pafupifupi 6,400 kuposa pakati pa dziko, choncho imakokedwa mopitirira pang'ono. Mbali ya kuseri imakokedwa mochepera, ndiye imatsalira. Ndi miyala iwiri ija, wa pansi ndi wa kudenga. Ichi ndi chifukwa chake madzi amakwera kawiri pa tsiku osati kamodzi, motalikirana maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. Ana amavutika kwambiri ndi kukwera kwa kuseriko mpaka mutawauza kuti dziko lenilenilo likugwa.

Masamu ake ndi okoma, ndipo a Fomu 4 angawathe. Mukatalikira kawiri, kukoka kumachepa ka 4, koma kusiyana kwa kukoka kumachepa ka 8. Dzuwa n'lolemera kuposa mwezi ka 27 miliyoni, ndipo lili kutali kuposa mwezi ka 390. Gawani 27 miliyoni ndi 390 kawiri, mupeza pafupifupi 180, kukoka kuja. Gawaninso kachitatu, mupeza pafupifupi 0.46. Ndiye dzuwa, ndi ukulu wake wonse, pa nkhani yokweza nyanja silifika ndi theka lomwe la mwezi. Ziwirizi zikakhala pa mzere umodzi ndi dziko, mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, zimathandizana ndipo madzi amakwera kwambiri.

Ndichenjeze pang'ono pa chithunzi cha m'mabuku chija cha dziko lovala madzi otupa mbali ziwiri ngati dzira. Chimafotokoza mphamvu yake bwino, koma nyanja zenizeni zatchingidwa ndi maiko, ndipo madzi amagwedezeka m'menemo ngati m'beseni limene mwalinyamula mukuyenda. Kukwera kwake kumadalira kukula ndi kuya kwa beseni. Ku Beira, kumene madalaivala athu a mathanki amakatenga mafuta, nyanja ndi yosaya mtunda wautali kuchokera kugombe, ndipo pa masiku okwera kwambiri kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita pafupifupi 6. Nyanja yathu ya Malawi ndi beseni laling'ono lotsekeka, kusiyana kwa kukoka kwa mwezi m'kati mwake n'kochepa, moti mafunde a mwera ndi mvula ya dzinja zimakuphimbiratu. Asodzi a usipa amawerengadi mwezi, koma chifukwa chawo n'china: usipa umatsata nyali usiku wamdima, ndipo mwezi ukawala nyaliyo imatha mphamvu. Nanga zoti mwezi umakoka madzi a m'thupi mwa munthu? Ayi. Pa kukula konse kwa dziko, kusiyana kumene mwezi umabweretsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a kulemera kwathu. Pakati pa mutu ndi mapazi a munthu palibe chimene chingatsale.

Newton anafotokoza kale kudzaza kwa nyanja m'njira yonga yomweyi. Chimene Einstein anachita mu November 1915 ndi kunena kuti kusiyana kumeneku si kanthu kotsalira m'mbali mwa gravity, ndiko gravity yeniyeniyo, ndipo n'kupindika kwa malo ndi nthawi. Mawu akuti kupindika amaopsa anthu, koma tengani dzungu. Mizere yake iwiri yoyandikana, pamimba pa dzungupo, imayenda mofanana ngati njanji. Nyerere ziwiri zitsate mizereyo, iliyonse molunjika osakhotera kumanja kapena kumanzere. Zikakumana pa phesi. Palibe chimene chazikokera pamodzi. Dzungu ndilo lozungulira. Pa tebulo losalala sizikanakumana. Miyala iwiri yogwa ija ili chimodzimodzi: uliwonse ukutsata njira yolunjika koposa imene ilipo, m'malo ndi m'nthawi pamodzi, ndipo ikuyandikirana chifukwa malo ndi nthawi pafupi ndi dziko n'zopindika. Kachigawo kakang'ono ka khungu la dzungu kamaoneka kosalala, monga mmene chikepe chaching'ono chimaonekera chopanda gravity. Ndipo funso la mtanda wa mandasi lija layankhidwa pomwepa: pa malo opindika chonchi, kuti inu ndi woyendetsa sitima uja mukhale motalikirana chimodzimodzi, aliyense ayenera kukankhidwa kosalekeza, apo ayi njira zanu zikakumana pakati pa dziko.

Chitsanzo chotchuka cha nsalu yotambasula yoikapo mwala pakati ine sindichikonda, ndipo ndikupemphani muchisiye. Kampira kamagubudukira kumwalako chifukwa cha gravity yomweyo imene tikufuna kuifotokoza, komanso nsaluyo sionetsa nthawi, pamene kugwa kwa choko m'kalasi mwanu kumachokera makamaka ku mbali ya nthawi.

Pa nthawipo pali msampha umene umagwira ngakhale ophunzira a ku yunivesite. Wotchi ya pamwamba imathamanga kuposa ya pansi. Robert Pound ndi Glen Rebka anayeza zimenezi ku Harvard mu 1960 pa nsanja ya mamita 22.5. Wotchi ya pa Sapitwa, mamita 3,002, imapitirira ya mu Blantyre, amene ali pa mamita pafupifupi 1,000, ndi magawo pafupifupi 19 mwa magawo 1 biliyoni a sekondi tsiku lililonse. Mawotchi a masetilaiti a GPS, pa makilomita 20,200, amapitirira a pansi ndi magawo 45 mwa magawo 1 miliyoni a sekondi pa tsiku chifukwa cha kukwera, n'kutsalira ndi magawo 7 chifukwa cha liwiro, kutsala 38. Popanda kukonza zimenezi mapu a pafoni akanasokonekera. Msamphawo ndi woganiza kuti wotchi ya kudenga ikathamanga kuposa ya pansi, ndiye kuti taona kupindika. Mu roketi yowonjezera liwiro, kutali ndi dziko lililonse, zimachitikanso. Kuwala kukachoka pansi pa roketi, pofika kudenga dengalo lawonjezera liwiro lothawa, choncho wa kudenga amaona wotchi ya pansi ikuchedwa. Komatu malo ndi nthawi kumeneko n'zosalala ngati tebulo. Kuwonjezera liwiro sikupinda kanthu. Kumangokupatsani kaonedwe kopendekeka ka zinthu, ngati ka m'minibasi pa raundabauti, ndipo mukazimitsa injini zonse zimabwerera. Chotsimikizira kupindika ndi chimodzi: siyani zinthu ziwiri zigwe moyandikana popanda chozigwira, muone ngati mtunda wa pakati pawo uyamba kusintha wokha.

Kumene kusiyanaku kuli kwakukulu kumang'amba zinthu. Nyenyezi ya mchira yotchedwa Shoemaker-Levy 9 inadutsa pafupi kwambiri ndi pulaneti lalikulu la Jupiter mu 1992 n'kuthyoka m'zidutswa zoposa 20, zimene zinakagwera pa Jupiter mu July 1994. Ndipo pa 14 September 2015, zipangizo za LIGO ku America zinagwira mafunde a gravity ochokera ku ma black hole awiri amene anagundana, zinthu za mumlengalenga zokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawako. Chimene zinayeza n'chomwechi cha miyala yathu: magalasi olendewera motalikirana makilomita 4, mbali ina akutalikirana pamene mbali ina akuyandikirana, ndi mlingo wochepa kwambiri kuposa kukula kwa proton imodzi, kanthu kakang'onong'ono ka m'kati mwa atomu.

Ngakhale nthaka imene tikupondayi simakhala phee. Mwala nawo umatanuka, ndipo mwezi ndi dzuwa zimakweza ndi kutsitsa nthaka ya madera ngati athu ndi masentimita makumi angapo kawiri pa tsiku. Phiri la Ndirande, msika wake, sukulu yanu ndi Soche uko zimakwera limodzi, n'chifukwa chake palibe khoma limene limang'aluka.

Pa mayeso a MANEB mwanayo alembe za Newton monga silabasi ikunenera, kulemera ndi m (makilogalamu a chinthu) kuchulukitsa ndi g (9.8 uja), ndipo sakhala akunama: pa liwiro ndi pa kukoka kwa kuno masamu a Newton amagwira ntchito bwino lomwe. Koma mawa lija munamulonjeza, tengani botolo lapulasitiki, muboole kabowo m'mbali cha kumunsi, mudzaze madzi, chivindikiro osatseka. Madzi azituluka ngati kamsitsi. Mwanayo akwere pa desiki alisiye ligwe, anzake ayang'ane kabowoko: pa kanthawi konse kamene botolo lili m'malere madzi asiya kutuluka. Kenako mumufunse kuti botolo lalitali kuchokera ku Blantyre kukafika pamene pali International Space Station likamagwa, madzi ake angachite chiyani. Muchitire panja pansi pa mtengo, ahedi asakupezeni mwanyowetsa kalasi.